Chakudya cha alendo mu Lilongwe: njira amaidziwa ndi a ku Mtsiliza

Amene mumawerenga tsamba lino sabata ndi sabata mukudziwa kuti nkhani zanga zambiri zimachokera m'kalasi, ndipo ya leroyi idayambiranso komweko. Teremu yathayi ndinkaphunzitsa ana a Fomu 3 za mapiri a ku Ethiopia ndi mbewu zimene anthu a kumeneko amalima. Ndidalemba pabolodi dzina la kambewu kotchedwa teff, n'kufotokoza kuti njere zake n'zazing'ono kuposa za mawere, kuti ufa wake amaphikira chakudya chotchedwa injera, ndiponso kuti injera kwa iwo ili ngati nsima kwa ife. Ndidafotokoza modzithemba ndithu, ngati munthu wobadwira ku Addis Ababa. Ndiye mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene nthawi zambiri satsegula pakamwa, adakweza mkono.

"Sala, inuyo mudadyapo?"

Kalasi yonse idangoti zii. Ndikadatha kunama, paja mphunzitsi wa kumudzi akanama za kutali palibe womugwira. Koma ndidavomera kuti ayi, sindidadyepo. Mtsikanayo adangoti, "Oho," n'kupitiriza kulemba. "Oho" ameneyo adandikhala pamtima teremu yonse.

Choncho titatsekera sukulu ndidanyamuka kwathu ku Ntchisi, kudzera pa Mponela, ulendo wa ku Lilongwe. Mayi a kunyumba ndidawauza kuti ndikukaona alongo anga amene adakwatiwa ku Mtsiliza, ndipo silinali bodza. Chimene sindidatchule ndi kandalama ka matumba awiri a soya kamene ndidabisa m'thumba la mkati, koti ndikalawire zakudya za mitundu ina. Lilongwe ndi likulu la dziko kuyambira 1975, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzindawu. Muli akazembe, amalonda, omanga misewu ndi othawa nkhondo, ndipo aliyense adabwera ndi mphika wake. Ndinkaganiza kuti munthu ukangotsika m'depoti, fungo lokha likulondolera.

Tsiku loyamba ndidachita zimene ophunzira timachita: ndidafunsa foni. Ndidagula bandulo, n'kulemba kuti ndikufuna malo odyera a Amwenye, ndipo foni idandipatsa mayina, lililonse ndi nyenyezi zake. Ndidasankha la nyenyezi zambiri. Sinditchula dzina la malowo, ngakhalenso la malo ena alionse m'nkhani ino, chifukwa palibe wandilipira kuti ndimutsatsire malonda, komanso sindikufuna kuonongera munthu bizinesi chifukwa cha uchimidzimidzi wanga.

Ndidafika wapansi. Mlonda wa pageti adayamba wayang'ana nsapato zanga, zimene zinali mbuu ndi fumbi la ku Mtsiliza, kenako n'kufunsa kuti ndikufuna ndani. Munthu wobwera pagalimoto safunsidwa funso limeneli. Nditamuuza kuti ndabwera kudzadya adandilowetsa, koma adandiperekeza ndi maso mpaka pakhomo. Mkatimo adandipatsa buku la zakudya la masamba ambiri kuposa silabasi, mayina ake oti lilime langa silidagundepo. Mnyamata woperekera zakudya adaima pambali kudikira. Ndikadamufunsa, koma manyazi adandigwira. Ndidangoloza dzina lina la pakatikati, pomwe mtengo sunali wokwera kwambiri kapena wotsika mochititsa manyazi. Chimene chidabwera ndi nkhuku ya msuzi wachikasu ndi mpunga, yosasiyana kwenikweni ndi ya paukwati wa kwathu, kupatula kuti nthuli zake zinali zowerengeka. Bilu itabwera, pamodzi ndi msonkho wake, thumba limodzi la soya lidatsala pang'ono kuthera pomwepo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine ndidadya nkhuku wamba pamtengo wa mbuzi yaing'ono.

Madzulo ndikufotokoza zimenezi, alamu anga, amene amayendetsa kabaza wa njinga yamoto, adaseka mpaka kutsamwa.

"Alamu, inu mwafunsa foni? Foni imadya?"

Adatuma mwana kuti akaitane bambo wina woyandikana nawo nyumba, amene anthu pamenepo amangomutcha kuti a Khukhi. Ndi munthu wachikulire, wa kwathu konkuno, wowonda, manja ake odzaza zipsera za mafuta otentha. Adagwirapo ntchito zaka zambiri m'khitchini ya Amwenye, kenako kwa Matchaina, ndipo pano akuphikira banja lina lachilendo ku Area 47. Atamva dzina la malo amene ndidapita sadaseke. Adati malowo si oipa ayi, ophika ake amawadziwa, ena adawaphunzitsa ndi iwowo. Vuto n'lakuti munthu akaloza chala osanena kanthu, woperekera zakudya amakauza kukhitchini kuti wabwerayo ndi woopa tsabola, ndiye amamuphikira zozizira, zoti asadandaule.

"Aphunzitsi, malo onsewa ali ndi miphika iwiri," adatero. "Wina ndi wa makasitomala, wina ndi wa eni ake. Inu mukufuna wachiwiriwo. Ndiye musamafunse kuti chokoma n'chiti, chifukwa adzakulozerani chodula. Muzifunsa kuti abwana adya chiyani lero."

Apa ndiye ndidayamba kuona Mtsiliza mwatsopano. Kwa amene simudafikeko, Mtsiliza ali moyandikana ndi Mtandire, kufupi ndi bwalo la masewero la Bingu, ndipo nyumba za mipanda itaiitali za ku Area 47 sizili patali. Mukadzuka cha m'ma 5 koloko m'mawa n'kuima panjira, muona mnzere wa anthu akutuluka: amayi ogwira ntchito m'nyumba za eni, anyamata a m'maluwa, operekera zakudya malaya oyera ali m'jumbo kuti asade ndi fumbi, kwinaku alonda akubwerera ndi tulo m'maso. Anthu amenewa ndi amene amasenda anyezi, kukanda ufa, kutsuka mbale ndi kutaya zotsala m'malesitilanti amene ife timawatcha achilendo. Amadziwa malo amene amasintha mafuta okazingira ndi amene amangothiramo ena pamwamba. Amadziwa kumene mpunga wadzulo umabwereranso patebulo. Amadziwanso kumene eni chakudyacho amapita akafuna kudya za kwawo. Foni zonsezi sizidziwa, chifukwa opereka nyenyezi aja ndi alendo odutsa amene adadya kamodzi n'kukwera ndege. Ambiri mwa a mumnzere uja sadakhalepo patebulo la malo amene amagwirako ntchito, koma chakudya chake amachidziwa kuyambira pamsika mpaka m'bini.

Mwa malangizo onse a a Khukhi, limene lidandithandiza kwambiri ndi losavuta: usanakhale pansi, yang'ana amene akudya. Ukapeza malo a Amwenye mulibe Mmwenye ngakhale mmodzi, dziwa kuti walowa m'malo ojambulitsira zithunzi.

Adandituma ku Old Town, cha ku Area 2, Lachisanu masana anthu akutuluka kumzikiti. Kumeneko, kuseri kwa mashopu a nsalu ndi zitsulo, ndidapeza kachipinda ka matebulo ochepa, kopanda maluwa, kopanda nyimbo. Munali azibambo achimwenye akudya ndi manja, ndi anyamata a m'mashopu awo. Ndidafunsa funso lija. Mnyamata woperekera adamwetulira, n'kundibweretsera mbale yaikulu yachitsulo yokhala ndi timbale ting'onoting'ono: mpunga, chapati, masamba, mango osapsa oviika m'tsabola ndi mafuta, ndi msuzi wina wolimba, wachikasu, umene amautcha dal. Nditalawa ndidazindikira m'bale wanga. Chinali chipere cha nandolo, chongoti achithira adyo, jinja ndi zonunkhiritsa zina zokazinga m'mafuta. Nandolo yemweyu amene alimi a ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu amalira naye mitengo chaka ndi chaka ndi ndiwo ya tsiku ndi tsiku ku India, moti mu 2021 dziko la India lidagwirizana ndi Malawi kuti lizigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Timalima, timatumiza kunja, koma kaphikidwe kake ine ndidakaona koyamba ndili ndi zaka zoposa 30. Mtengo wa mbale yonseyo sudafike ngakhale theka la nkhuku ya dzana ija.

Kuti Amwenye achuluke m'tauni chonchi pali mbiri yake. Agogo athu amakumbukira masitolo awo m'matauni ang'onoang'ono ngati Mponela, koma m'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda lidawalamula kuti achoke kumidzi azikachita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha. Adachoka, koma samusa adatsala. Lero mwana wogulitsa samusa pasiteji sadziwa n'komwe kuti wanyamula chakudya cha alendo.

Kwa Matchaina sindikhalitsako. Adayamba kuchuluka dziko lino litakhazikitsa ubale ndi China kumapeto kwa 2007, ndipo ndi amene adamanga nyumba ya malamulo ndi bwalo la Bingu lija, lomwe lidatsegulidwa mu 2017. Kumene a Khukhi adandilozera ndidalimbana ndi timitengo todyera mpaka mtsikana woperekera adandimvera chisoni n'kundipatsa supuni. Ndiwo imene idandikhalira bwino ndi masamba omwe aja timalima kudimba n'kumawatcha tchayinizi, okazinga pamoto waukali kanthawi kochepa ndi adyo, akadali obiriwira, akulira khwasu khwasu m'kamwa. Mayi a kunyumba akadati ndiwozo sizidapse, n'kuzibwezera pamoto.

Tsopano injera ija. Malo a anthu a ku Ethiopia amene adandilozera ndi nyumba wamba yokhalamo anthu, chikwangwani chake chaching'ono moti alamu adachipitirira kawiri. A Khukhi adandiuza kuti ndipite Lachitatu, ndipo chifukwa chake ndidachimva nditafika. Akhristu a mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia amasala nyama, mkaka ndi mazira Lachitatu ndi Lachisanu, choncho masiku amenewa kumakhala ndiwo zamasamba ndi zanyemba zamitundumitundu, ndipo thumba la mphunzitsi limapumako. Ndidawaumiriza alamu kuti tilowe limodzi. Adakana kaye, amvekere zovala zawo n'zantchito, koma njala idawagonjetsa.

Adatibweretsera thireyi imodzi yaikulu ngati lichero. Pamwamba pake adayala chinthu chopyapyala, chotuwa, chofewa, chodzaza timaenje ngati chisa cha njuchi. Alamu adayesa kansalu koyalira ndipo ankadikira kuti nsima ibwera. Imeneyo ndiyo inali injera, ndipo ndiwo zonse adaziika milumilu pamwamba pake: mphodza zofiira za tsabola, kabichi wa karoti ndi mbatatesi, masamba onga repu, ndi phala lina la ufa wa tchana lotchedwa shiro. Palibe supuni, palibe foloko. Umang'amba kachidutswa ndi dzanja lamanja, n'kutsinira ndiwo, n'kuponya m'kamwa. Injerayo ndiyo mbale, ndiyo supuni, ndiyonso nsima, ndipo pomaliza umadya ya pansi ija imene yamwa msuzi wonse.

Kukoma kwake? Imawawasa. Amene mudamwapo thobwa logona masiku awiri mukudziwa kumene ndikuloza. Mwini malowo, mayi wolankhula Chichewa chothyokathyoka koma chomveka, adatifotokozera kuti ufa amaukandira m'madzi n'kuusiya masiku awiri kapena atatu kuti usase, kenako amauthira pachiwaya chachikulu chafulati n'kuvundikira, osautembenuza. N'chifukwa chake timaenje tija timakhala mbali imodzi yokha. Adavomeranso mosabisa kuti teff ndi wodula kumubweretsa kuno, ndiye amasakanizako ufa wina. Munthu wokuuza yekha pamene waonjezera, ameneyo ungamukhulupirire pa zinazo. Nthongo yoyamba alamu adachita tsinya. Yachitatu adasiya kulankhula. Pofika kumapeto tinkalimbirana ya pansi ija ngati ana.

Chimene chidandigwira mtima si kukoma kokha. Patebulo loyandikana nafe padali azibambo anayi a kwawoko akudyera thireyi imodzi, ndipo wina adakulunga nthongo n'kumudyetsa mnzake m'kamwa, munthu wamkulu ndevu pepeya. Amati ndi ulemu ndi chikondi. Ndidakumbukira chidyerano cha kwa agogo, pamene mabanja onse a pamudzi ankatulutsa nsima n'kudyera pamodzi pabwalo. Ife tidachisiya n'kuyamba aliyense kambale kake, kuyesa ndiko kutsogola. Kenako mayi aja adakazinga khofi pamakala ife tikuona, n'kumusinja, n'kumuwiritsa m'kamtsuko kadothi ka khosi lalitali, lubani akufuka pambali. Timakapu take ndi tating'ono ngati chivundikiro cha botolo la mankhwala, koma usiku umenewo ndidawerenga malata a denga la alongo anga mpaka tambala woyamba. Ndipotu khofi amalimidwa ngakhale kwathu ku Ntchisi, koma ine ndidakula ndikudziwa kuti khofi ndi ufa wa m'chitini. Potsanzikana ndidawafotokozera mayiwo za mtsikana wa m'kalasi uja. Adaseka, n'kunditapira njere za teff pang'ono m'kaenvulopu. Kali m'buku langa la sikimu, kakudikira tsiku lotsegulira sukulu.

Ndikadathera pamenepa, nkhani ikadakhala yokoma. Koma mitundu imene ndatchulayi ndi ya alendo okhala ndi zikwangwani. Alendo amene ife a m'makomboni ndi m'midzi tidakhala nawo pafupi kwambiri ndi ena: a ku Burundi, Rwanda ndi Congo, amene tonse timangowaphatikiza kuti Maburundi. Tidagula sopo ndi shuga m'mashopu awo zaka zambiri. Ndidafunsa a Khukhi kuti chakudya chawo ndingachipeze kuti. Kwa nthawi yoyamba adazengereza.

"Kale bwenzi ndikungokuuzani kuti pitani ku Mgona kapena ku Area 25, mufunse aliyense," adatero. "Pano n'kofunika wokuperekezani."

Chifukwa chake mukuchikumbukira. Malamulo a dziko lino amati othawa kwawo azikhala kumsasa wa Dzaleka m'boma la Dowa. Malo amenewa adali ndende ya andale nthawi ya chipani chimodzi, ndipo adasanduka msasa mu 1994, chaka cha kuphana koopsa ku Rwanda. Adakonzedwa kuti azisunga anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma pofika 2023 munali anthu oposa 50,000. Ambiri adatuluka n'kukakhazikika m'matauni, kuchita lendi nyumba, kutsegula mashopu, ana awo n'kumaphunzira ndi athu. Mu March 2023 boma lidalamula kuti onse abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 April, ndipo pa 17 May apolisi ndi asilikali adayamba kuwagwira m'makomboni a Lilongwe. Mazanamazana, kuphatikizapo amayi ndi ana, adayamba asungidwa kundende ya Maula asanawapititse kumsasa. Mashopu adatsekedwa. Pamodzi ndi mashopuwo padatsekedwanso timalo todyera timene palibe foni idatilembapo.

Alamu adafunsafunsa kwa anzawo a kabaza, paja iwowa ndiwo amadziwa khomo lililonse, ndipo tsiku lachitatu adati apeza. Sinditchula komboni yake. Tidasiya njinga pamalo ena n'kuyenda wapansi m'tinjira ta pakati pa nyumba, kulumpha ngalande, mpaka pakhomo lina lopanda chikwangwani, lotchinga ndi nsalu. Mkatimo munali mabenchi awiri ndi amuna angapo akudya mwakachetechete. Atationa, kutafuna kudaima. Mayi wina wojintcha adatuluka kuseri akupukuta manja pachitenje. Adayang'ana malaya anga opisira ndi cholembera cha m'thumba la pachifuwa, ndipo ndidazindikira mochedwa kuti ndavala ngati munthu wa boma.

"Mwatumidwa ndi ndani, bambo?"

Alamu adatchula mnzawo wa kabaza uja, n'kuonjeza kuti, "Awa ndi aphunzitsi a kumudzi, mayi, angofuna kudya basi." Mayiwo adandiyang'anabe kanthawi, kenako adaloza benchi. Za mapepala awo sindidafunse, ndipo si ntchito yanga. Adangondiuza kuti kwawo ndi kum'mawa kwa Congo, kufupi ndi nyanja ya Tanganyika.

Adabweretsa nsima yolimba yosakaniza ufa wa chimanga ndi wa chinangwa, nyemba, tinsomba touma tonga usipa timene amatitcha ndagala, ndi ndiwo yamasamba yobiriwira moderako, yonyezimira mafuta ofiira. Amaitcha sombe. Nditalawa ndidaseka ndekha. Chinali chigwada! Chigwada chomwechi chimene kwathu timadya ndiwo zikasowa, chimene mwana wa sukulu amachita nacho manyazi mnzake akamupeza akudya. Koma ichi chidali china. Adandifotokozera kuti masambawo amawasinja mumtondo pamodzi ndi anyezi, adyo ndi mabiringanya, n'kuwawiritsa nthawi yaitali, maola ndithu, osathira soda kapena chidulo chofulumizitsira. Kenako amathira mawese, mafuta ofiira a kanjedza amene anzathu a ku Karonga amawadziwa bwino, ndi nsomba youma yoduladula, nthawi zina ndi nsinjiro pang'ono. Kwawoko, adatero, sombe sasowa paukwati. Ndiwo imene ife timaiyesa ya umphawi, kwa anzathu ndi ya pachikondwerero.

Ndikunena mosapsatira: pa zonse zimene ndidadya mu Lilongwe sabata imeneyo, mbale iyi ndiyo idaposa, ndipo ndiyo inali yotchipa kuposa zonse, mtengo wake ngati wa pamemo. Ndidaitanitsa ina. Apo nkhope ya mayi aja idamasuka, ndipo amuna aja adayambiranso kucheza m'Chiswahili chawo. Mmodzi adanditembenukira n'kundiuza m'Chichewa chabwinobwino kuti ngati ndikufuna kudya zenizeni ndipite ku Dzaleka komweko, makamaka nthawi ya chikondwerero cha Tumaini, chimene mlakatuli wa ku Congo Menes La Plume adachiyambitsa mu 2014, pamene anthu ochokera m'tauni amakhamukira kumsasa kukaonera zoimbaimba ndi kudya chapati. Ndidaona kuti n'zodabwitsa: tikafuna kusangalala timawatsatira kumsasa, koma akatitsatira kuno kuti atiphikire, pakhomo pamafunika nsalu yotchinga.

Ndidapempha kuti anditapire sombe wina m'kakontena, ndikalawitse kunyumba. Kumeneko ndiye kudabuka mkangano umene sindidauyembekezere. Alongo anga ali ndi okala pakhomo pawo, amagulitsa sopo, machesi, mafuta oyeza ndi timapaketi ta shuga. Atamva kumene tidapita nkhope idasintha.

"Achimwene, inu mumalandira kumapeto kwa mwezi, n'chifukwa chake mukuwamvera chisoni. Ine pano padali shopu yawo apo. Ankatsegula 5 koloko, kutseka 10 koloko usiku, katundu amapikula pamodzi ndi anzawo motchipa. Ine ndikagulitsa sopo, iwo atsitsa. Ndinkatha tsiku lonse osagulitsa ngakhale machesi. Atachoka m'pamene ana anga adayamba kumwa tiyi wa mkaka."

Ndidalibe choyankha msanga, chifukwa sankanama. Munthu amene ali ndi malipiro, ngakhale ochepa ngati anga, n'kosavuta kuti akhale wachifundo ndi msika wa mnzake. Alamu ndiwo adayankha, osati ine. Adati iwo adataya makasitomala amene ankawanyamulira katundu m'mawa uliwonse, ndipo mayi wina wamasiye wa kuseri kwawo, amene ankadalira lendi ya shopu ija, adakhala miyezi chitseko chili chotseka. Nyumba imodzi, bambo adaluza, mayi adapindula. Ndidayesa kunena kuti Amwenye aja nawonso adathamangitsidwa kumidzi ndi mawu omwewa akuti akutilanda malonda, ndipo masitolo ambiri amene adawasiya adangosanduka mabwinja. Alongo anga adati mbiri ndikaphunzitse ku Ntchisi, pano akufunika ndi makasitomala.

Ine maganizo anga ndi awa, ndipo amene akutsutsa alembe kalata, tsamba lino ndi lathu tonse. Lamulo likhalepo, dziko lopanda malamulo kulibe. Koma sindikumvetsa kuti mlendo wobwera ndi ndalama timamutsegulira geti, kumulondera, kumutsukira mbale, ngakhale kulephera kugula chimene tamuphikira, pamene mlendo wobwera ndi mtondo ndi munsi, wophika ndiwo imene mlonda ndi wakabaza angakwanitse, ndiye timamuona ngati chiopsezo. Mayi uja chigwada amagula kwa alimi athu, makala kwa anthu athu, lendi amalipira kwa Mmalawi. Kodi sipangapezeke njira yoti munthu wotere alembetse, adule chiphaso, azilipira msonkho wa pamsika ngati wina aliyense, n'kuchotsa nsalu ija pakhomo? Nanga alongo angawa, chimene chingawateteze kwenikweni n'kuchoka kwa mnzawo, kapena kuphunzira kupikula katundu pagulu monga ankachitira anzawowo? Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Funso lachiwirili ndidalifunsa mokweza, ndipo ndidayankhidwa ndi kulira kwa mapoto kukhitchini.

Kwa amene mukupita ku Lilongwe tchuthi chino ndipo muli ndi kandalama kapadera, yesaniko. Musachite manyazi kufunsa kuti ichi n'chiyani, chifukwa woperekera zakudyayo mwina ndi mwana wa kwanu, ndipo akakuonani kuti mukufunadi kudziwa adzakuuzani zoona. Mufunsiretu mtengo ndi msonkho womwe musadayambe kudya. Pitani awiri, chifukwa zakudya zambirizi adazipangira kudyera limodzi. Ndipo musananyamuke, chezani kaye ndi wachibale wanu wa ku Mtsiliza, ku Chinsapo kapena ku Kawale, mumufunse ngati pafupi pali wina wogwira ntchito kukhitchini.

Usiku wotsiriza a Khukhi adabwera mochedwa kuchokera kuntchito, ndipo adatipeza tikudya. Tsiku limenelo adali ataphikira mabwana awo zakudya zinayi zosiyana, koma iwo adali asanadye. Alongo anga adawasambitsa m'manja, n'kuwaikira nsima ndi bonya. Kakontena ka sombe kaja kadali pakati, alongo anga atakatenthetsa koma osakakhudza. A Khukhi adatsinako, n'kugwedeza mutu, n'kunena kuti wophikayo sadafulumire. Alongo anga adakhala ngati sadamve. Patapita kanthawi ndidaona dzanja lawo likupita m'kakontenamo. Adatafuna pang'onopang'ono, maso ali kukhoma.

"Mchere wachepa," adatero.

Adatuma mwana kukatenga mchere m'okala, n'kukokera kakontenako kufupi ndi mbale yawo.